Resistor yanga yodya mawati 28,000

Funso la pa homuweki lija ndinaliderera ndisanamalize n'kuliwerenga komwe. Batire ya 12 V (mavolti 12), kenako resistor, kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi, ya 4 kΩ (ma kilo-ohm 4, kutanthauza ma ohm 4,000), kutsogolo kwake waya wagawika pawiri, nthambi ina ili ndi 6 kΩ, inzake 3 kΩ, n'kukakumananso pobwerera ku batire. Ankangofuna zinthu ziwiri: current, kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, yochoka mu batire, ndi mawati amene resistor ya 4 kΩ ija ikudya. Ndinati izi ndithana nazo ndili chiimire.

Ndinayamba ndi nthambi ziwiri zija, poti zili mu parallel, kutanthauza kuti magetsi amagawikana poyenda m'menemo. Ndinalemba 1/6 kuphatikiza 1/3, calculator n'kundipatsa 0.5, ine n'kukopera 0.5 yemweyo ngati yankho. Komatu 0.5 ameneyu ndi 1/R, si R ayi, R kukhala resistance ya nthambi ziwirizo pamodzi. Umayenera kumutembenuza, 1 kugawa ndi 0.5, upeze 2 kΩ. Chopweteka n'chakuti ndinadzifunsa ndithu ngati yankho likumveka. Lamulo limene ndinkalidziwa limati ma resistor a mu parallel akaphatikizidwa amachepa kuposa wamng'ono wa onsewo. Kodi 0.5 sachepa kuposa 3? Amachepa. Ndinadziwombera m'manja mumtima. Chimene sindinkadziwa n'chakuti lamuloli lili ndi mnzake: ngati ma resistor ali awiri, yankho silingatsike kupitirira theka la wamng'onoyo. Theka la 3 ndi 1.5, ndiye 0.5 wanga anali atagwera kale kudzenje.

Ndinaphatikiza 4 ndi 0.5, n'kupeza 4.5. Lamulo la Ohm, limene mwini wake analisindikiza mu 1827 osadziwa kuti lidzakumana ndi ine, limati ugawe voltage ndi resistance. 12 kugawa ndi 4.5 ndi 2.67. Apa ndinaphonyanso, poti kachilembo ka k kaja ndinali nditakasiya panjira. Ukagawa mavolti ndi ma kilo-ohm, yankho limatuluka mu ma milliamp (mA), ndipo pamafunika 1,000 kuti akwane ampere (A) imodzi. Ine ndinalemba A wamkulu, wonenepa bwino: 2.67 A.

Pofika pa mawati, k uja anandibwerera m'mutu pa nthawi yolakwika. Ndinachulukitsa 2.67 ndi 2.67, kenako ndi 4,000, calculator n'kulavula nambala yopitirira 28,000. Ndinalemba mzere kunsi kwake kawiri, ndi rula.

Mnzanga wina ataona pepalalo anangoti maso tong'o. "Aise, karesistor kaja n'kakang'ono kuposa chikhadabo, malire ake ndi kota ya wati imodzi. Iwe wakapatsa moto wa maketulo 14 a mawati 2,000. Ndipo batire yako yomweyo, 12 kuchulukitsa ndi 2.67, ikupereka mawati 32 okha. Enawo akuchokera kuti, kwa mizimu?"

Munthu wanzeru akanakhala pansi n'kubwerezanso samuyo. Ine ndinati masamu sanama, tikayeze ku labu.

Poti ma resistor a 4 kΩ ndi 6 kΩ munalibe mu kabati, ndinalumikiza a 2 kΩ awiri mu series, motsatizana, kuti akwane 4, ndi a 3 kΩ awiri kuti akwane 6. Mpaka pamenepa zonse zinali bwino. Ndinatenga kabatire ka 12 V ka lead-acid, ndi mita yoyezera magetsi. Popeza ndinkayembekezera 2.67 A, waya wofiira ndinaulowetsa pa bowo la 10 A, wakuda pa bowo lake lolembedwa COM. Tsono poyeza current umayenera kudula njira ya magetsi penapake n'kuika mita pakati, kuti magetsi onse adutse m'kati mwake. N'chifukwa chake mita ikakhala pa ma ampere imakhala ngati waya wamba, resistance yake pafupifupi ziro. Koma manja anga anali atazolowera kuyeza voltage. Ndinangogunda nsonga imodzi pa mutu wa + ndi ina pa mutu wa − wa batire, ndikumuyang'ana mnzanga uja kuti aone.

Thwa! Kamoto ng'ani, dzanja langa m'mwamba, mpando uko. Batire ya mtundu umenewu ukaipatsa njira yachidule siiumira, imakhuthula ma ampere ochuluka nthawi imodzi. Fyuzi ya m'kati mwa mita inadzipereka nsembe, nsonga ya waya wofiira n'kutsala ndi kachipsera kakuda. Labu yonse inangoti zii.

Aphunzitsi anabwera mosafulumira, manja kumbuyo. Anayang'ana mita, anayang'ana pepala langa, n'kufunsa modekha kuti, "Achimwene, ndinu amene mwapeza njira yotulutsira mawati 28,000 mu batire iyi? Bwanji simunatiuze msanga tikanaleka kulipira magetsi?"

"Pepani aphunzitsi, ndimafuna kutsimikiza."

"Mwatsimikiza. Tengani choko."

Ndinaichita pa bolodi, anthu onse akuona, choko chikunjenjemera. Parallel ija ndi 2 kΩ; njira yachidule ya ma resistor awiri ndi kuwachulukitsa n'kugawa ndi kuphatikiza kwawo, 18 kugawa ndi 9, ndipo siifuna kutembenuza chilichonse. Onse pamodzi 6 kΩ. Current ndi 2 mA. Pa 4 kΩ pakutsika 8 V, nthambi ziwiri zija n'kutsala ndi 4 V. Ya 6 kΩ ikutenga 0.67 mA, ya 3 kΩ ikutenga 1.33 mA, ndipo zikakumana zikukwana 2 mA, monga mmene lamulo la Kirchhoff limanenera kuti zolowa pa mphambano zifanane ndi zotuluka. Mawati a resistor yanga yotchukayo ndi 0.002 kuchulukitsa ndi 0.002, kenako ndi 4,000, zomwe ndi 16 mW, kapena kuti mawati 0.016. Aphunzitsi anandiuza kuti ndiwerengenso enawo: 2.67 mW ndi 5.33 mW. Zonse pamodzi 24 mW, ndendende ndi zimene batire ikupereka, 12 V kuchulukitsa ndi 2 mA. Kuwerengera kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo fyuzi ija bwenzi idakali moyo.

Anandibwereka mita ina, koma dzanja lawo silinachoke pafupi. Waya wofiira pa bowo la mA, ndinazula waya umodzi wochoka ku batire, mita n'kulowa pakati. Pagalasi panatuluka −2.1.

Ndinalumpha. "Aphunzitsi, magetsi akubwerera m'mbuyo!"

"Sakubwerera. Mwasemphanitsa mawaya. Minus amangokuuzani kuti current ikulowera kosiyana ndi kumene inu mumaganiza, chimodzimodzi ukajambula muvi molakwika pa pepala. Ndipo 0.1 wapamwambayo musamuimbe mlandu, batire yodzaza imakhala pa 12.6 V."

Ndinasinthanitsa mawaya, minus n'kuchoka. Potuluka anandipatsa sikuludiraiva ndi mita yakufa ija kuti ndiitsegule ndekha ndisinthe fyuzi, ndipo mpaka temu kutha dzina langa mu labu linali Ketulo.