Ulendo wathu wa ku Chigwa cha Shire

Tinanyamuka ku Blantyre kusanache, amayi ndi achinyamata a mpingo wathu, titanyamula ufa, nyemba, sopo ndi zovala zimene akhristu anasonkha. Titatsetsereka mapiri kufika pa Thabwa n'kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kutentha kunayamba kutiwotcha. Pa Nchalo nzimbe zinali zobiriwira mbali zonse, moti mlendo angaganize kuti kuno njala kulibe. Titapitirira Ngabu kulowera ku Bangula, maso anaona zina.

Abusa amene anatilandira akhala kumeneko nthawi yaitali. Anaona madzi osefukira a 2015, namondwe wa Idai mu 2019, namondwe wa Ana mu 2022, wa Freddy mu 2023, kenako ng'amba ya 2024. Ine ndimayembekeza kuti atiuza za nyumba zogwa ndi ziweto zokokoloka, koma iwo anakhazikika pa mabanja. Anati madzi akaphwa, boma ndi mabungwe amawerenga nyumba, koma banja lobalalika palibe amaliwerenga. Bambo amawolokera ku Mozambique kukasaka ganyu, miyezi n'kumapita osamveka. Mayi amalowa m'dambo kukazula nyika, kumene kulinso ng'ona, kuti ana agone atalawa kanthu. Mtsikana wa Sitandade 7 amakwatiwa, makolo akudziwa bwino kuti n'kulakwa, pofuna kuti pakhomo pachepe pakamwa podyetsa. Abusawo anati milandu yambiri ya m'banja imene amaitanidwa kukaweruza, akaifufuza amapeza kuti gwero lake ndi nkhokwe yopanda kanthu. Polankhula izi mawu awo ananjenjemera, ndipo ifenso misozi inalengeza.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi amayi odzipereka a mumpingo mwawo. Nawonso ndi anthu amene madzi anawalanda zonse, koma ndi amene amatungira madzi nkhalamba, kuperekeza odwala kukatenga mankhwala, ndi kulondola ana amene asiya sukulu. Salandira kalikonse. Mmodzi nditamufunsa kuti, “Mayi, mphamvu mumazitenga kuti?” anangoseka n'kundipatsa chikombole. Tinaumba nawo njerwa za nyumba ya agogo ena amene akulera zidzukulu okha, anyamata athu akuponda dothi. Masana anatiphikira nsima ya mapira ndi mlamba, chakudya chimene ndikudziwa kuti anachita kudzimana.

Ufa tinagawa, ndipo anthu anathokoza, koma abusa sanatibisire kuti sufika patali. Anatipempha zinthu zina: mbewu ya mapira ndi mbatata yobzala kudimba madzi akamaphwa, fizi ya atsikana amene asankhidwa kupita ku sekondale, komanso kuti tisakhale alendo obwera kamodzi n'kujambula zithunzi. Pempho lomalizali ndikuliona kuti n'loyenera ndithu.

Pobwerera tinagwirizana m'galimoto momwemo kuti nkhaniyi tikaitule kwa akulu a mpingo, chopereka cha mbewu chiyambe msanga, ndipo achinyamata adzapitenso kukafolera nyumba ya agogo aja mvula isanagwe.