Kondakitala Wanga Atasowa

Kuno ku Mzuzu sitima ya pamtunda sinafikeko. Njanji imadutsa ku Salima n'kukhotera ku Lilongwe mpaka ku Mchinji, ife timangomva mbiri. Ndiye sitima yanga, imene imazungulira patebulo kwathu ku Chibavi, ndimaisamala ngati dzira. Anandibweretsera mwana wanga kuchokera ku Johannesburg. Ndi ya mtundu wa HO, chilichonse anachichepetsa ka 87, moti munthu wamkulu amatalika masentimita 2 basi.

Koma maso akalamba. Nditapitirira zaka 50, nyuzipepala ndinkaigwirira patali mpaka mkono unaperewera. Ndinagula chigalasi chokulitsa zinthu, chovala kumutu ngati cha owotcherera zitsulo. Zimene sindinkadziwa n'zakuti galasi likakhala lamphamvu, mphuno imayenera kutsikira pafupi ndi ntchito, masentimita ngati 10, ukuoneka ngati galu wonunkhiza mbale.

Loweruka lina mu Juni ndinkamata kondakitala pasiteshoni. Ndinadontheza supagulu kumapazi kwake, n'kuwerama kuti ndimuimike bwino. Kuzizira kwa kuno mumakudziwa. Ndinayetsemula. Podzutsa mutu, kondakitala palibe.

Ndinakwawa pansi pa tebulo, chigalasi chili kumutu, nyerere zikuoneka ngati mbuzi. Ndinakutumula mkeka. Mphaka ndinamukanula pakamwa. Mdzukulu wanga ndinamuzenga mlandu, iye n'kumalumbira misozi ili mbwee.

Nditagwa ulesi ndinapita ku Zigwagwa kukagula usipa. Amayi a pamsika ankandiyang'ana n'kumagwira pakamwa, ine mumtima ndikuti jekete latsopanoli lagwira ntchito. Wakabaza anali kuseka njira yonse, ndinangoti ndi wansangala.

Ndikulowa m'nyumba, mayi akunyumba anaika mthiko pansi.

"Bambo a Chisomo, mwayamba liti kunyamula anthu osalipira?"

Kondakitala uja anali lende m'ndevu zanga, mutu pansi, kambendera kake kali m'manja. Anayendera msika wonse ulele.

Supagulu samva sopo. Mayi anabwera ndi lumo, ndevu za zaka zinayi n'kupita mbali imodzi, ine n'kumaliza mbali inayo mwamanyazi. Kondakitala anabwerera pasiteshoni imvi zanga zili kumapazi, ndipo ndinazipaka penti wobiriwira kuti zikhale udzu. Mdzukulu uja anagamula yekha chindapusa: mandasi asanu, ndiponso Loweruka lililonse woyendetsa sitima ndi iyeyo.