Kumanga msasa wa tenti ya mbaula wopitira kosaka ku mapiri a Montana

Nyengo yosaka elk (nyama yaikulu ya mtundu wa gwape) ndi mfuti ku Montana, m'dziko la America, imayamba kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Novembala, ndipo usiku kuzizira kumatha kufika madigiri 20 pansi pa ziro. Msasa umene ndimamanga ndi tenti ya kanivasi ya mamita 3.7 m'lifupi ndi 4.3 m'litali, makoma ake mita 1.5. Anthu atatu ndi mbaula amakwanamo bwino.

Ndimasankha kanivasi ya thonje chifukwa imapuma. Mukamanga ndi pulasitiki yekhayekha, mpweya wa anthu ogona umasanduka mame kudenga, m'mawa n'kumadontha pa zofunda. Mafulemu ndi mapaipi a EMT amene amadutsitsamo mawaya a magetsi, a inchi imodzi, olumikiza ndi zigongono zachitsulo. Pamwamba ndimayala lona wosiya mpata pang'ono ndi denga, koma ndimam'boola mokulirapo pozungulira chumuni. Lonayo amatsetsereza chipale chofewa. Chikagwa kwambiri usiku ndimachigwedeza ndili m'kati, apo ayi mapaipi amapindika.

Ntchito yeniyeni ili pa mbaula. Ndimatenga mgolo wachitsulo wa malita pafupifupi 115; wa malita 200 umatentha mopitirira n'kudya nkhuni zambiri. Mgolo umene munali petulo sindiudula konse, chifukwa mpweya wotsalira umaphulika ukakumana ndi nthethe za galainda. Mgolo wa mbaulawo ndimaugoneka chopingasa pa miyendo inayi, kudula chitseko kutsogolo, kuboola timabowo ta mpweya m'munsi mwa chitsekocho ndi kachitsulo kotsegula n'kutseka, kenaka bowo la chumuni la masentimita 13 pamwamba chakumbuyo. Pansi m'kati ndimathira mchenga wokhuthala masentimita 5 kuti moto usaboole chitsulo.

Musanalowetse mbaulayo m'tenti, iyatseni panja ndi mapaipi ake onse mpaka penti ipsereretu. Utsi wa zinki wa pa mapaipi a galata umatenthetsa thupi ndi kupweteketsa mutu.

Pamene chumuni imatulukira pamafunika chigamba chopirira moto cha fiberglass chokutidwa ndi silicone, chosokedwa pa kanivasi. Nsalu wamba ikakhudza paipi imapsa. Mbaula ndimaiika masentimita osachepera 60 kuchoka pa khoma, pa lata kapena pa dothi, ndipo chumuni imapitirira msonga ya denga. Ikafupika, mphepo imabwezera utsi m'kati. Polumikiza mapaipi, nsonga yopinda ya paipi yapamwamba iloze pansi, kuti phula lochokera ku utsi likamayenderera litsikire m'mbaula osati kunja.

Phulalo ndilo limavutitsa alenje ambiri. Nkhuni za paini zosauma, kapena moto wotsekeredwa mpweya usiku wonse, zimatulutsa phula lakuda limene limamatira pa sefa ya waya yotchinga nthethe pamwamba pa chumuni. Sefa ikatsekeka mbaula imasiya kukoka, utsi umatulukira pa chitseko. Tsiku lililonse ndimaichotsa n'kuimenya ndi kamtengo, ndipo m'mawa ndimayatsa moto waukali kwa kanthawi. Osaichotseratu: nthethe imodzi imasiya bowo padenga, ndipo nkhalango ya paini sichedwa kuyaka.

Mpweya wa carbon monoxide ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Ulibe fungo. Ngakhale kuzizire bwanji, ndimasiya kampata m'munsi mwa chitseko cha tenti ndi kena pa msonga ya denga, ndipo chipangizo chochenjeza cha mabatire ndimachipachika pafupi ndi pogona. Mabatire a lithium ndiwo amapirira chisanu.

Mbaula ya mgolo siisunga moto mpaka kucha, choncho chogonamo chikhale chokwanira kukutetezani moto utazima. Pa machira ogonapo yalani chofunda china, chifukwa kuzizira kumachokera kunsi. Nyama ndi zakudya zisagone m'tenti. Kumadera a zimbalangondo za grizzly ndimazipachika m'mwamba, mamita pafupifupi 90 kuchoka pa msasa.