Mmene ndinapezera sukulu mwana wanga wa autism

Mwana wanga wayamba sukulu tsopano, mtima wakhala pansi. Koma anzanga amene muli ndi ana a autism (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi anthu), imvani ichi musanayambe kuyenda: kalata ya adokotala musamusiyire munthu aliyense. Chititsani fotokope zingapo, yeniyeniyo ikhale kunyumba.

Popanda kalatayi palibe amene amakumvera. Aphunzitsi amangoti mwanayo ndi wamwano, achibale amati analodzedwa. Ife tinaipeza kuchipatala chachikulu atatitumizako a kuchipatala chaching'ono cha kwathu.

Pasukulu yapafupi a hedi anandilandira bwino, koma anati sitandade 1 ndi yodzaza, mphunzitsi mmodzi sangathe kuyang'anira mwana amene amatseka makutu n'kuthawa belu likalira. Ananditumiza kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoni yathu. Inu yambirani komweko. Iwo ndi amene amadziwa sukulu zokhala ndi resource centre (chipinda chothandiziramo ana aulumali) komanso mphunzitsi wochokera ku Montfort, koleji ya ku Nguludi m'boma la Chiradzulu yophunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera.

Chimene chimandiwawabe ndi ofesi ina kuboma kumene ankati ndikadinditse makalata. Ndinalawirira ndi mwana, ndalama ya minibasi ndi kabaza ndachita kubwereka. Akuti bwana ali kumsonkhano, dikirani. Tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, anthu ali piringupiringu, phokoso lokhalokha. Mwana anayamba kulira n'kumadzimenya kumutu, ndiye mayi wa pa desiki akundiuza kuti, "Mayi, mwana wanuyu mukumulekerera." Kumulekerera! Pa desiki yawo pomwepo panali kalata yofotokoza vuto lake. Nditabwerera tsiku lina akuti kalatayo sakuiona, ndikatenge ina kuchipatala. Mzere wa kuchipatala mukuudziwa. N'chifukwa chake ndikuti fotokope, anzanga, fotokope. Ndipo kumaofesi musapite ndi mwana, sakumufunako, mungomuzunza.

Za kuchipatala zija, pitani ndi buku lake la sikelo ndipo konzekerani mafunso: anayamba liti kulankhula, amatembenuka mukamuitana, amasewera ndi anzake kapena ayi.

Wina akakukanizani malo musachite mantha. Pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994, ndipo lamulo la anthu aulumali limaletsa kusala mwana pa maphunziro chifukwa cha ulumali.

Malo atapezeka ndinakhala pansi ndi mphunzitsi wake n'kumuuza zonse: phala la pasukulu sadya, azidya zochokera kunyumba, akhale kutsogolo pafupi ndi khomo, azimuchenjeza belu lisanalire. Mphunzitsiyo anamujambulira zithunzi zosonyeza zochita za tsiku lonse motsatana, ndipo poyamba ankaweruka pa buleki mpaka anazolowera. Anandiuzanso kuti akadzafika sitandade 8, sukulu idzadziwitse a MANEB polembetsa mayeso kuti adzamuganizire mwapadera. Kumenekonso akuti adzafuna kalata ya adokotala.