Kalasi ya zaluso koma manotsi okhaokha?

Dzulo mwana wa achemwali wandionetsa kope lake la zaluso, masamba onse manotsi okhaokha, "kujambula nchiyani, tchulani zida zitatu zoimbira", koma chojambula chake olo chimodzi mulibe. Zandiwawa bwanji.

Ine ndimaona kuti choyamba mwana aphunzire kuyang'ana. Muikireni kapu patebulo pafupi ndi windo, aone pomwe kuwala kukugunda ndi komwe mthunzi wagwera, aone kuti kukamwa kwa kapu ukaionera cham'mbali sikozungulira ayi, kumakhala ngati dzira. Ambirife timajambula zomwe zili m'mutu osati zomwe maso akuona, nchifukwa chake msewu timaujambula wofanana mpaka kumapeto pomwe umayenera kumachepa ukamapita kutali.

Kenako agwire zinthu ndi manja ake, asakanize yekha penti wachikasu ndi wabuluu aone wobiriwira akutuluka, aumbe dongo limuphulikire pamoto chifukwa sanadikire kuti liume, madzi otsalira mkatimo amasanduka nthunzi ndiye phuu, ameneyo sadzaiwalanso. Nyimbo nazo, kuwerenga mabiti anayi nkumawagawa pakati, si masamu omwe amawathawa aja?

Zisudzo musazipeputse, kamwana kamanyazi mukakapatsa mbali kamayamba kulankhula mokweza mpaka makolo kudabwa.

Ana akuluakulu a kusekondale auzidweko za copyright, lamulo loteteza umwini wa zomwe munthu wapeka, asamadzangosayina pepala lililonse nkuluza nyimbo yawo yomwe. Ndipo aphunzitsi chonde, mwana akajambula mtengo wabuluu musathamangire kumuthira X, mufunseni kaye kuti amaganiza chani.