AH-56 Cheyenne: vuto linali m'mapiko ozungulira

Pophunzira za helikopita zankhondo zomwe sizinalowe pantchito, Cheyenne ya kampani ya Lockheed ndiyo yofunika kuiona mofatsa. Asilikali a pamtunda a America adasankha pulani yake mu 1965, pofuna ndege yothamanga yoperekeza helikopita zonyamula asilikali ku Vietnam. Zoyeserera adapanga 10, ndipo idayamba kuuluka pa 21 September 1967.

Kapangidwe kake kanali kachilendo. Injini inali imodzi, General Electric T64, koma inkazunguza zinthu zitatu: mapiko anayi a pamwamba, timapiko ta kumchira, ndi pulopela yokankha kumbuyo kwenikweni. M'mbali munali mapiko osazungulira omwe pa liwiro lalikulu ankasenza kulemera kwambiri kwa ndegeyo. N'chifukwa chake inkafika pafupifupi makilomita 390 pa ola. Mpando wa wowombera unkatembenuka limodzi ndi mfuti ya mamilimita 30 ya kunsi kwa mimba.

Chovuta kumvetsa ndi mapiko a pamwamba aja. Pa helikopita zambiri za nthawiyo phiko lililonse linali ndi mahinjesi kuti lizitha kukwera ndi kutsika lokha. A Lockheed adachotsa mahinjesiwo, mapiko n'kumangirira molimba patsinde, ndipo pamwamba pake adaika gyro, chitsulo chozungulira ngati nguli. Woyendetsa akakankha ndodo, sankapendeketsa mapiko mwachindunji; ankakankha gyro kudzera m'masipuling'i, gyro n'kusintha kapendekeke ka mapiko. Koma mapiko akapindika ankabwezanso mphamvu ku gyro, ndipo ziwirizi zikayamba kuyankhizana, kugwedezeka kunkakula m'malo mochepa. Akatswiri adakutcha half-P hop, poti kunkabwera kamodzi mapiko akazungulira kawiri.

Pa 12 March 1969 woyendetsa David Beil ankayesa vuto lomweli m'mphepete mwa nyanja ku California, zotetezera zina zitachotsedwa dala. Mapiko adamenya thupi la ndege, iye n'kufa. Mu May mgwirizano wopanga ndege 375 udathetsedwa, ndipo mu September Cheyenne ina yoyeserera idasweka m'chipinda choyesera ndi mphepo ku Ames, malo ofufuzira a bungwe la NASA.

Mankhwala ake adapezeka, kungoti mochedwa. Mu dongosolo latsopano lowongolera mapiko, lotchedwa AMCS, a Lockheed adatsitsa gyro kuiika kunsi kwa giyabokosi ndi kusintha njira yomwe mapiko ankabwezera mphamvu, ndipo kugwedezeka kudatha. Pofika apo helikopita ina, Bell AH-1 Cobra, yotchipa ndi yosavuta, inali itamenya kale nkhondo zaka zingapo. Asilikali a mumlengalenga nawo ankati ndege yamapiko yothandiza ankhondo a pansi ndi ntchito yawo. Iwo anali kalikiliki ndi ndege yawoyawo yomwe idadzakhala A-10. M'kuona kwanga, chomwe chidamaliza Cheyenne ndi mizinga yonyamula paphewa ngati SA-7, poti kuukira mothamanga kuchokera m'mwamba kudasanduka kudzipereka kwa adani.

Ntchitoyo idatsekedwa pa 9 August 1972. Mwezi womwewo asilikali adalengeza mpikisano wina, wofuna helikopita ya injini ziwiri youluka chapansipansi mobisala kuseri kwa mitengo. Mpikisanowo ndiwo udabala AH-64 Apache.