Kuzula khadi seva ikuyaka: zimene hot-plug ya PCIe imafuna

Pa maphunziro a ma seva, mutu umene ndaona kuti umasocheretsa ambiri ndi wa hot-plug, kutanthauza kuzula kapena kulowetsa chipangizo makina akuyaka. Munthu akaona disiki, fani ndi power supply zikuzulidwa makina akuyaka, amaganiza kuti khadi la netiweki kapena la RAID (loyendetsa ma disiki) nalonso n'chimodzimodzi. Sichoncho ayi. M'ma seva ambiri a rack, ngati amene ali m'maofesi kuno ku Salima, makhadi a PCIe (njira imene makhadi amalumikizirana ndi bolodi lalikulu) amakhala pa riser, kabolodi kowanyamula, ndipo riser imafuna kuti muzimitse makina n'kuzula zingwe za magetsi. Ma seva a Dell amakuthandizani ndi mitundu: chogwirira cha olenji ndiye chozula makina akuyaka, cha buluu muzimitse kaye.

Luso limeneli ndi lakale ndithu, bungwe loika malamulo a PCI, PCI-SIG, linatulutsa malamulo ake oyamba mu 1997. Koma mwini nkhani si khadi, ndi slot, malo olowetsamo khadilo. Pa Linux lembani lspci -vv, mufunefune mzere wa SltCap. Mukaona HotPlug+ ndi PwrCtrl+, ndiye kuti slot imeneyo ili ndi chipangizo chodulira magetsi ake payokha. Mukaona HotPlug-, nkhani yathera pomwepo, pemphani nthawi yozimitsa seva.

Slot imapereka magetsi a 12V ndi 3.3V, ndipo ya x16 imafika mawati 75. Mukalowetsa khadi pa slot yamoyo yopanda chodulira, ma capacitor a khadilo, tizipangizo tosunga magetsi, amakoka magetsi ochuluka kamodzin'kamodzi, voliteji imagwa, makhadi oyandikana amasokonezeka, mwinanso timano ta golide timapsa. Mukayang'anitsitsa timano timeneti mupeza kuti PRSNT1# ndi PRSNT2# n'tatifupi kuposa tinzake. Opanga anachita dala: timakhudza pomaliza polowetsa, timayamba kusiya pozula, kuti makina adziwe ngati khadi lakhazikika lonse.

Tiyerekeze kuti khadi la netiweki lawonongeka. Musanagwire chilichonse, tsegulani /proc/net/bonding/bond0 muone ngati njira yachiwiri ya bond ili moyo (bond ndi ma port a netiweki omangidwa pamodzi kuti imodzi ikafa ina ipitirize). Apa m'pamene pagona vuto lalikulu. Ambiri amamanga bond pa ma port awiri a khadi limodzi, ndiye mukazula khadilo njira zonse ziwiri zimapita, seva n'kumayakabe koma palibe woifikira. Hot-plug ili ndi phindu pokhapokha ngati pali khadi lina lonyamula katunduyo.

Njira yachiwiri ikakhala bwino, chotsani interface mu bond, muigwetse ndi ip link set. Kenako tsimikizani slot yeniyeni, chifukwa nambala ya mu Linux nthawi zina imasiyana ndi yolembedwa pa chitsulo. Kulemba 1 mu fayilo ya attention pansi pa /sys/bus/pci/slots kumayatsa kagetsi kachikasu pa slot imene mwasankha. Dinani batani la attention. Kagetsi kobiriwira kayamba kuthwanima, ndipo muli ndi masekondi 5 oti mudinenso ngati mwalakwitsa. Popanda batani, lembani 0 mu fayilo ya power. Dikirani kobiriwirako kazimiretu, kenako mutsegule latch, kachotsekera kogwira khadilo.

Wopupuluma akazula kagetsi kasanazime, driver, pulogalamu yoyendetsa khadilo, imapitiriza kuwerenga khadi limene kulibe, n'kumalandira 0xFFFFFFFF yekhayekha. Driver yolembedwa bwino imazindikira n'kusiya. Ina imauma, ndipo pa makina ena firmware, pulogalamu ya m'bolodi la seva, imaona ngati ngozi yaikulu n'kuyambitsanso seva yonse, chinthu chomwe mumathawa chija.

Kulowetsa latsopano n'kubwerera m'mapazi omwewo, kenako muwerenge mauthenga a Linux ndi dmesg. Gawo limene linanditengera nthawi kuti ndilimvetse ndi la uthenga wakuti palibe malo a BAR. Khadi lililonse limapempha malo mu memory address space kudzera mu BAR (Base Address Register), ndipo malowo amagawidwa seva ikamayaka. Slot ya hot-plug imasungiridwa pang'ono chabe, Linux payokha imasunga 2 MB. Khadi lofuna malo ambiri kuposa lakale limaoneka mu lspci koma driver siigwira. Mankhwala ake ndi pci=hpmemsize kapena pci=realloc, koma zimenezi zimawerengedwa pa boot, kutanthauza kuti muyenera kuziika tsiku loyamba kukhazikitsa seva. N'chifukwa chake ndimati khadi la sipeya likhale la modelo yomweyo, ndipo likhale mu kabati, osati m'sitolo ku Lilongwe.

Khadi latsopano limabweranso ndi MAC yake, nambala yolizindikirira pa netiweki, choncho DHCP (yogawa ma adiresi a IP) ndi port security (yoletsa zipangizo zachilendo) pa switch zikhoza kulikana. Likakhala la Fibre Channel, lolumikiza seva ku SAN (netiweki ya ma disiki), nambala yake ya WWPN yasintha, ndipo ma disiki a SAN saoneka mpaka mutakonza zoning, mndandanda wa zipangizo zololedwa kuonana.

Nyengo yathu nayonso musaiiwale. Miyezi ya mwera mpweya umauma, static (magetsi oima amene amawononga makhadi) imachuluka m'thupi, ndiye lamba wa pa mkono wochotsera static mumangirire ku chitsulo cha seva chopanda penti. Mu Okutobala, kutentha kwa kunyanja kuno kukafika pachimake, musasiye chivundikiro chotsegula nthawi yaitali, chifukwa mphepo ya mafani imasiya kudutsa pa CPU. Ndipo magetsi akathima seva n'kukhala pa mabatire a UPS, khadilo lisiyeni kaye mpaka jenereta itakhazikika.